Liwombo la Shakira

Achemwali,

Asalamu aleikumu. Kuno ku Nselema tili bwino, kaya inu ku Joniko?

Apongozi atagwira liwombo la Shakira, anati likuchedwa kutseka chifukwa cha mapilitsi anga a matenda a maganizo, amene ndakhala ndikumwa kuyambira ndili ndi pakati mpaka pano ndikuyamwitsa. Akuti amafewetsa mafupa a mwana. Ndinasiya kumwa mapilitsiwo, kulira kwanga kuja n'kuyambiranso. Zikomo pondikalipira pa foni kuti ndipite kusikelo. Anamwino atamupima anati, "Iyayi, akukula bwino. Za mafupazo akatswiri akufufuzabe, ife tizimuona mwezi uliwonse. Koma musasiye mankhwala panokha."

Ndayambanso kumwa mankhwalawo. Dzulo Shakira anaimirira atagwira mpando, apongozi omwewo n'kuimba nthungululu. Mutumize tinsapato. Allah akusungeni.

Mng'ono wanu,
Patuma