Sayirini ya Lachiwiri

Thornfleet,
Lamlungu masana

Okondedwa achemwali anga a Bryony,

Ndikhulupirira muli bwino ku Oban kumeneko, inu ndi alamu a Fergus. Kodi msana uja unasiya kukuvutani? Kuno amayi ali bwino, abambo ali bwino, ine ndikupita kusukulu monga mwa nthawi zonse. Amene sali bwino ndi mng'ono wanu Nessa, ndipo zimene amayi anakuuzani zoti ndi chimfine chabe si zoona. Ndasankha kulemba chifukwa m'nyumba muno munthu ukamayankhula pafoni umamveka mpaka kukhitchini.

Mukukumbukira sayirini ya kufakitale yoyenga mafuta, imene amaiyesa Lachiwiri lililonse m'mawa. Ikalira palibe amene amadzutsa mutu. A Tranter, madala a pakona aja, amati ndi imene imawakumbutsa kutulutsa bini. Lachiwiri la sabata ya holide inalira pa nthawi yake yomweyo. Ine ndinali m'chipinda mwanga, amayi akuyanika zovala, Nessa ali pakatungwe kuseri.

Koma sinasiye. Mayi Gadsby oyandikana nafe aja anafuulira amayi pampanda kuti mnyamata wa pabatani ayenera kuti wapita kukamwa tiyi, anthu a kufakitale ngakhale kuzimitsa chinthu amadikira ovataimu. Amayi anaseka n'kupitiriza kuyanika. Nditasuzumira pawindo ndinaona lawi la pachumuni chachitali chija litakula, utsi wachikasu ukutsika m'malo mokwera, ukulowa mumsewu mwathu. Fungo lake silinali la mazira owola tinalizolowera lija. Ili linkabaya pakhosi.

Pomwe ndinkafika pansi, Nessa anali atagwada paudzu, kukamwa yasa, mawu osatuluka. Kampope kake ka mphumu sikanathandize. Milomo yake inasintha mtundu ine ndikuona. Uthenga wa kampani wotiuza kuti titseke mawindo unalowa m'mafoni ambulansi itanyamuka kale.

Nessa anagona m'chipatala masiku angapo. Dokotala anauza amayi, ine ndili pomwepo, kuti mapapo a mwanayu akadzakumananso ndi zotere iye sakulonjeza kanthu. Anafunsa ngati tili ndi achibale okhala kutali ndi machumuni. Amayi anati akaganiza kaye.

Kenaka kunali msonkhano kuholo, holo yomwe anatimangira akampani omwewo. Tiyi analipo, ndi mabisiketi a chokoleti, osati otchipa aja. Bwana wa jekete yosalala anati akupepesa chifukwa cha fungo, koma zimene zinatuluka sizinapyole mlingo wololedwa. A Tranter anaimirira n'kumutchula kuti mwana wanga. Anati kwawo kuli chipinda chopanda munthu, abwere ndi ana ake adzapume nafe mlingo wololedwawo kwa sabata imodzi yokha. Holo yonse inaseka, bwanayo nayenso anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Chimene anagwirizana n'chakuti kuyambira mwezi wamawa sayirini aziiyesa Lachinayi.

Potuluka ankagawa pakhomo matikiti otsukitsira galimoto mwaulere, monga amachitira mwaye ukagwa. Ine maso anali pa abambo. Msonkhano wonse anakhala kumbuyo pafupi ndi kapitawo wawo wa kufakitale komweko. Tikiti analandira, n'kunena zikomo. Achemwali, galimoto yathu ikuwala.

Kunyumba ndinawakumbutsa mawu a dokotala. Anafunsa kuti pulofesa wa pawindo wayamba liti kulamula m'nyumba mwawo, ndipo anati nsapato ndavalazi zinagulidwa ndi utsi womwewo. Anati iwo anabadwira konkuno, agogo anapuma mpweya womwewu mpaka kukalamba, mwana wa banja lathu la Pickersgill saleredwa kwina ngati kuti alibe bambo. Zosamuka musaziganize n'komwe. Chikwangwani chogulitsira nyumba cha a Gadsby chachita ndere chili chiimire, wogula osapezeka. Amayi anangondinong'oneza kuti ndisakudetseni nkhawa.

Ndiye ndikukudetsani nkhawa. Bwerani mudzamutenge Nessa. Musaimbe foni, abambo adzakuuzani kuti akuthamanga ngati kagalu ndipo mudzakhulupirira, chifukwa nanunso mudzafuna kuti zikhale zoona. Bwerani mudzadzionere mmene amaimira pakati pa masitepe kuti apeze mpweya, dzanja lili pakhoma, akunamizira kumanga nsapato. Inu mukawayang'ana m'maso abambo sakukanizani kanthu. Ine akandiyang'ana amangoona pakamwa.

Musaganize kuti ndalemba izi mosavuta. Mukudziwa kuti kusukulu ndimadya ndekha. M'mudzi wonse uno munthu amene amagogoda pachitseko changa ndi Nessa, kudzandinena kuti ndine kadzidzi, nditsike tikasewere makhadi. Ndipo amabera. Dzulo ndinamufunsa ngati angakonde kukakhala kwa inu. Anati eya, bola kadzidziyo apite nawo. Ndinati tiona. Inu ndi ine tikudziwa kuti kanyumba kanu kali ndi malo a munthu mmodzi, ndipo ine mayeso ayandikira.

Tsono mukabwera musamuuze kuti ndine ndinakuitanani. Adzalira, adzakwiya, koma akwiyire inu kapena dokotala. Abambo akadzadziwa ndidzapirira, ndinazolowera. Koma za Nessa sindingathe.

Mulungu akusungeni, muyende bwino pobwera. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwauziretu kuti mwanayu sagona nyali itazima, ngakhale mwini wake adzakana.

Ndine mlongo wanu,
Warren