Nambala ya mayi ake ndidapereka ndine

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wa Sitandade 6 pasukulu ina ya pulayimale kuno kwa Tengani. Ndakulemberani chifukwa phunziro limene ndimaphunzitsa ana landitembenukira ine mwini, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Teremu yatha bungwe lina lidatipatsa matabuleti otchaja ndi sola. Ine adanditumiza ku boma masiku awiri kukaphunzira mmene ana angadzitetezere pa intaneti. Ndidabwerako ndi chipepala cha malamulo n'kuchimata pakhoma, ana n'kuchiloweza ngati nyimbo. Mukafunsa lamulo loyamba, kalasi yonse imayankha mpaka mbuzi zapanja kudzidzimuka: "Sindipereka dzina langa kwa munthu wosamudziwa!" Ine n'kumadzitama kuti ntchito ndagwira.

Sabata yatha mtsikana wina, Esinala, wa zaka khumi ndi zitatu, adakweza mkono. "Madamu, nanga akabwera olemba maina a ufa, tiziwakaniza?" Anzake adaseka. Kwathu kuno madzi akasefukira, amene dzina lake silidalembedwe amagona ndi njala. Ana athu akula akuona makolo awo akuthamangira aliyense wonyamula kope ndi cholembera. Dzina, mudzi, anthu a pabanja, zonse timatchula tisanafunse n'komwe kuti wolembayo ndi ndani.

Titaweruka, Esinala adandionetsa foni ya mayi ake, imene amabwera nayo kudzatchaja kusukulu. Muli mameseji a pa Watsapu ochokera kwa munthu wodzitcha Bambo Francisco, akuti ndi wa bungwe lolipirira sukulu atsikana okhudzidwa ndi madzi osefukira. Poyamba adapempha chithunzi cha yunifolomu. Kenako chithunzi cha zovala za kutchalitchi. Kenako adayamba kumuyamikira kuti ndi wokongola, n'kumuuza kuti asauze anzake kapena aphunzitsi chifukwa malo ndi ochepa. Tsopano akuti Loweruka lomaliza la mwezi uno apite ku Bangula kukasaina mafomu, ndipo apite yekha poti makolo amachedwetsa zinthu.

Mayi ake, a Evelesi, sadziwa kuwerenga. Amawawerengera ndi Esinala yemweyo, ndipo wandiuza kuti mameseji amene amamuchititsa manyazi amangowadumpha. Ndidapita kwawo, ndidawapeza akuyanika mapira. Nditangoyamba nkhaniyo adandidula: "Nkhabe, ayi ndithu, aphunzitsi. Pa ufa adatidumpha, pa malata adatidumpha. Lero mwana wanga walembedwa, inu mukuti akane? Mukufuna mukalembetse wanu?"

Aphungu, chimene sindidawauze ndi ichi. Chaka chatha, sukulu yathu ili msasa wa anthu othawa madzi, ndidamujambula Esinala akuyanika makope ake onyowa pakhonde. Chithunzicho ndidachiika pa Fesibuku, dzina lake, kalasi yake ndi sukulu yathu zili pomwepo. Anthu akufuna kwabwino adatumiza makope. Bamboyu naye adandilembera kupempha nambala ya kholo, ndipo ndidampatsa ndikusangalala. Mayiwo amaganiza kuti adawapeza kudzera kwa amfumu.

Ndikaulula, ndikuopa ahedi ndi makolo. Ndikakhala chete, mwanayu akwera njinga ya kabaza kupita ku Bangula. Mwinanso munthuyo ndi woona, ndipo ine ndikum'tsekera mwana mwayi. Ndichite bwanji?

L.M., Tengani, Nsanje

Aphunzitsi,

Kalata yanu ndaidumphitsa mzere chifukwa Loweruka lija silili kutali. Ndiyambe ndi nkhawa yanu yomaliza, poti ndi imene ikukumangani miyendo. Munthuyo si woona. Inu mwaonapo kalembera kangati kwanuko? Amachitika masana, pabwalo, a komiti ya m'mudzi alipo, maina akuitanidwa mokweza mpaka odumphidwa kudandaula pomwepo. Thandizo lenileni limafuna siginecha ya kholo ndi kalata ya ahedi. Uyu akukana kholo, akukana mphunzitsi, koma akufuna zithunzi ndi mwana ali yekha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mawa m'mawa, musanagwire choko, lowani mu ofesi ya ahedi ndipo munene zonse, kuphatikizapo za nambala ija. Mudalakwitsa, inde. Mudalakwitsa ndi mtima wofuna kuthandiza, koma chithunzi cha mwana wa eni chokhala ndi dzina ndi sukulu yake sichiikidwa pagulu, ngakhale makope abwere odzadza ngolo. Chichotseni lero lomwe. Ahedi akakukalipirani, mumve, mupepese, mupitirire ku nkhani ya mwana.

Mameseji aja musafufute ngakhale imodzi, ndipo bamboyo musamuimbire kuti mumuopseze. Akangodziwa kuti mwamutulukira ataya nambalayo n'kuyambira mwana wina. Mamesejiwo ajambuleni ndi foni yanu, mupite nawo kwa mlangizi woteteza ana wa dera lanu ndi ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Mukhozanso kuimba pa 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Kwa mayi Evelesi musabwererenso nokha. Tengani mmodzi wa amayi oyang'anira atsikana pasukulu panu, amene iwo amamukhulupirira. Musawanyoze mumtima kuti ndi osamva. Munthu amene adadumphidwa kawiri amagwira chilichonse chooneka ngati mwayi, ndipo mpaka lero iwo amva theka la nkhani. Awerengereni meseji iliyonse, ndi aja odumphidwa omwe, Esinala atapatuka kuti asachite manyazi. Kenako muwauze kuti nambala sidachokere kwa amfumu, idachokera kwa inu, ndipo munthuyo simumudziwa nkhope. Akaumirira kuti mwina ndi woona, auzeni amuitane abwere kusukulu adzasainitse mafomuwo pamaso pa ahedi. Mudzadikira mpaka mapira a chaka chamawa kucha.

Esinala mumuuze momveka kuti sadalakwe. Funso lake m'kalasi muja silidali nthabwala. Kudali kugogoda, kuona ngati mungatsegule. Ndipo akufunika thandizo lenileni la sukulu, choncho funsani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku boma njira yoyenera yolembetsera, kuti mayi ake aone kuti simudabwere kudzangolanda.

Za chipepala chanu chapakhoma, musachikhulupirire kwambiri. Adachilemba anthu amene sadaimepo pamzere wa ufa. Mwana wa kwa Tengani waphunzitsidwa kuti wamkulu sakanizidwa ndipo wolemba maina sathawidwa, ndiye lamulo loloweza silingagonjetse zimenezo. Aphunzitseni mafunso amene angathe kugwiritsa ntchito. Kodi munthuyu akulola kuti amayi amve? Kodi angabwere kusukulu masana? N'chifukwa chiyani akufuna chinsinsi? Chitani sewero m'kalasi, inu mukhale wa bungwe wolankhula mokoma pa foni, iwo ayeserere kuyankha mwaulemu kuti, "Dikirani ndiitane amayi." Ambiri mwa ana anuwo ndi amene amawerengera makolo awo mameseji, choncho itanani ndi makolo omwe, muwauze kuti meseji imene mwana wadumpha ndi imene ayenera kuimva. Mukalimba mtima, auzeni ana kuti nanunso mudapusitsidwapo. Phunziro limenelo sadzaliiwala.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire kuti mupeze mawu abwino oululira, chifukwa palibe. Mayi Evelesi akwiya, mwina mwezi wathunthu osakupatsani moni pamjigo, ndipo ena adzakulozani zala. Zimenezo mupirira. Chimene simungapirire ndi kuitana maina Lolemba m'mawa, n'kufika pa Esinala, osamva woyankha.

Aphungu