Botolo la Pansi pa Bedi

Lolemba, 3 Marichi

Opaleshoni ya Ababa yatheka. Dokotala akuti kachitseko ka mumtima kamene kamadontha aikapo katsopano. Mtimawo anauimitsa dala, makina n'kumapopa magazi m'malo mwake. Amayi anangogwira pakamwa. Ine ndinafunsa zenizeni: atuluka liti?

Dokotala anandiyang'ana kaye. "Mtima wadzuka bwino. Tikudikira impso. Nthawi ya makina ija zimalandira magazi mopereŵera, ndiye zina zimanyanyala."

Kudikira. Chilichonse kudikira basi. Digiri yanga yachita fumbi m'kabati, ndipo intavyu yoyamba yooneka ili Lolemba likubwerali, ulendo wa tsiku lathunthu. Tikiti ya basi ya Lamlungu ndinagula kale. Sindiibweza.

Lachiŵiri, 4 Marichi

Atsegula maso, m'chipinda cha odwala kwambiri. Mapaipi pakhosi, pachifuwa, ina yotsikira m'thumba la mkodzo m'mbali mwa bedi. Munthu woti moyo wake wonse wakhala akukonza mapaipi a madzi m'nyumba za eni! Mawu oyamba: "Bwana Digiri, walumikiza izi ndani? Wandilanda ntchito."

Nesi wamagalasi sayambira kuwaona nkhope, amayambira thumbalo. Analinyamula, kuliunika pawindo. Mkodzo wochepa, wodera ngati tiyi wopanda mkaka. Analibwezera n'kupita pa bedi lina. Sindinazikonde.

Lachitatu, 5 Marichi

Thumba laonetsako moyo, ndiye achotsa paipi ija n'kuwasamutsira ku wodi ya anthu onse. Tikuyenda!

Kenako nkhani ya botolo. Wamagalasi analiika pansi pa bedi. "Dontho lililonse muno, bambo. Osataya, tiziyeza."

Ababa nkhope gwa. Nesiyo ndi msinkhu wanga, komanso alamu, amuna a achemwali, anali atakhala pomwepo ndi malalanje awo. Nesi atachoka, Ababa anati, "Ndizimupatsira mwana uja mkodzo ngati ndikumupatsa tiyi?"

Ndinamutsatira nesi mpaka pakhonde. Ndinati makina oimitsa mtima muli nawo, koma munthu wamkulu woyenda yekha mukumusungitsa mkodzo kunsi kwa bedi ngati khanda? Zachikale zimenezi. Azipita kuchimbudzi, ine ndizikuuzani.

"Botolo, achemwali," anatero. Kenako wina anakuwa kumapeto kwa wodi, iye n'kuthamangira komweko. Ndinalikankhira botolo lija kukhoma ndi phazi.

Lachinayi, 6 Marichi

Ndimawagwira mkono mpaka pakhomo pa chimbudzi. Pamenepo ndiye polekezera mwana wamkazi. Ndimaima panja, ndimve agejemula. Amatuluka atakweza chala chachikulu. "Mpope ukuyenda, Bwana."

Wamagalasi lero kulibe. Amene alipo ndi wachilendo, wodi yadzaza, ndikamuuza kuti zayenda bwino amangogwedeza mutu.

Ababa anafunsa zimene ndikavale ku intavyu. Akuti ndisakawaphunzitse ntchito mabwana tsiku loyamba lomwe. Patapata zikuwathina. Amayi akuti chakudya cha m'chipatala chawayanja, akunenepa. Tinaseka tonse.

Lachisanu, 7 Marichi

Akukana kugona chagada, akuti mpweya ukuchepa. Taonjezera mapilo. Magazi atenga, zotsatira maŵa. Maŵa, maŵa, maŵa.

Loŵeruka, 8 Marichi

Ndilembe basi.

Chitseko cha chimbudzi sichinatsekeke bwino m'maŵa uno. Sindinafune kusuzumira, maso anangopita okha. Ababa anali chiimire, mutu atatsamiritsa kukhoma, akupuma ngati akwera phiri. Chingwe cha buluku osamasula n'komwe. Anaima choncho kanthaŵi, kenako anatambasula dzanja n'kugejemula.

Anatuluka chala chili m'mwamba.

Chibadwire sindinawafunsepo zotere. "Ababa, mwataya madzi liti komaliza?"

"Mwana safunsa zimenezo."

"Ababa."

Anayang'ana pansi. "Lachinayi. Timadontho."

"Ndiye bwanji osanena?"

"Akadziŵa sanditulutsa, ndipo iwe supita. Kakwere kaye basi yako. Tiwauza Lolemba, mpope suthaŵa."

Ndinathamanga. Mwamwayi Wamagalasi anali atabwera. Anadina mwendo wa Ababa ndi chala, dzenje n'kutsala pomwepo, osabwerera. Anagwada, anatulutsa botolo lija kukhoma. Louma, kafumbi pakamwa pake. Sanandinyoze. Bola akanandinyoza.

Dokotala anabwera ndi zotsatira zija, akuyenda mofulumira, koyamba kumuona akutero. Madzi amene impso zalephera kutulutsa afika m'mapapo. Mchere wina wachuluka m'magazi, ndipo ukapitirira ukhoza kuimitsa mtima womwe angoukonzawu. Awalumikiza ku makina osefa magazi.

Ndinafunsa ngati impso zidzukenso. "Zina zimadzuka," anatero.

Amayi akungobwereza, "Koma amaseka, amadya." Sindinawauze za phazi langa.

Lamlungu, 9 Marichi

Tabwerera m'chipinda cha odwala kwambiri, bedi lomwe lija. Mphete yaukwati ya Ababa yakana kuvuka, aidula ndi kapulayala. Amayi aimanga pakona ya mpango.

Makina akung'ung'udza. Magazi a Ababa akutuluka, kuzungulira, kubwerera. Paipi ya mkodzo aibwezeretsa, thumba latsopano lapachikidwa m'mbali. Alamu anabwera, Amayi anafuna kuliphimba ndi nsalu. Ndinawagwira dzanja. Alamu aone, aliyense aone.

Ndakokera mpando pafupi nalo. Pamwamba pa paipi pali kadontho kachikasu. Sikakutsika. Wamagalasi akuti ndisagwedeze, katsike kokha.

Foni inalira, a basi kufunsa ngati ndili pafupi, akunyamuka. Ndinaitembenuza chafufumimba.

Ababa anasuntha chophimba cha mpweya pakamwa. "Bwana Digiri. Basi?"

"Yachedwa, Ababa."

Anayesa kukweza chala. Chatupa, sichikuwongoka.

Kadontho kaja kakadali pomwepo.