Mapazi pa Mchenga Wosesedwa

Lolemba, 3 Febuluwale

Kwabwera mtsikana wa kampani ya mafilimu, dzina lake Itziar, wa kumpoto uko, woyankhula ngati akuthamangitsidwa. Akufuna khwawa lathu la kuseri kwa nyumba kuti ajambulemo masiku atatu. Akuti akusaka malo ooneka ngati sipanadutse munthu chilengedwere. Ndamuuza kuti wafika, pano ngakhale achibale sadutsapo.

Ndimati ndisaine pomwepo, iye n'kutulutsa chikalata cha umwini. Mayina awiri: ine Virtudes ndi achimwene anga a Indalecio. Amayi anatisiyira malowa osagawa. Ku khonsolo sapereka chilolezo eni ake onse asanasaine, ndipo Lachisanu likadutsa akampaniwo apita kwina. Kuno m'chigawo cha Almería malo ouma sasowa.

"Achimwene anuwo ali kuti, mayi?"
"Ku Terrassa, kutali kumpoto uko."
"Ndiye muwaimbire."

Amvekere muwaimbire, ngati kukagula buledi. Zaka khumi ndi chimodzi osayankhulana.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Ku khonsolo, kwa Fulgencio wa zilolezo uja. Tinaphunzira limodzi, ndiye sandilemekeza ndipo inenso sindimulemekeza. Wandiyalira mapepala ake: msonkho wojambulira, msonkho wa magalimoto akuluakulu, ndi chikole chomwe amawabwezera akasiya malo mmene anawapezera. "Kale ankangofika ndi ndudu n'kupatsa moni bambo ako," akutero. "Lero boma limawabwezera gawo la ndalama zomwe awononga kuno, bola pepala lililonse likhale ndi chidindo. Pasowe limodzi, zonse zapita."

Ndafunsa ngati achimwene ayenera kubwera okha kudzasaina. Wandiseka. Akuti atha kusainira konko kwa loya, pepala n'kufika pa kompyuta tsiku lomwelo.

"Zimenezo usauze munthu."
"Iwe Virtu, imvi zonsezi ukunamabe ngati kusukulu?"
"Dinda mapepala ako."

Ndalamazo sindikuzikana, denga likudontha chaka ndi chaka ngakhale mvula yake imagwa kawiri kokha. Koma ndikudziwa chomwe ndikufuna, ndipo si denga.

Ndilembe kamodzi, mwina chichoka pamtima. Tsiku loika amayi, a Indalecio anati tigulitse malowa kwa anthu a magetsi a dzuwa, ndikakhale nawo m'tauni. Mwina ankandimvera chisoni. Ine ndinamva ngati akugulitsa amayi ali ofunda. Pamaso pa anthu onse ndinati, "Phazi lanu lisadzapondenso pano." Anavala chipewa n'kukakwera basi ya madzulo. Munthu amene chibadwire sanandimverepo kanthu anasankha kumvera chimenechi.

Lachitatu, 5 Febuluwale

Ndaimba. Foni ndinaigwira ndi manja awiri.

"Ndani?"
"Ndine."
"Wamwalira ndani?"
"Palibe, achimwene. Kuli a filimu. Akufuna khwawa."
"Apatse."
"Pakufunika saini yanu. Ku khonsolo. Pamaso pa Fulgencio."
"Fulgencio akadali moyo? Ndi fodya uja?"

Ndinaseka mosafuna. Iwonso ndikuganiza anaseka, kapena chinali chifuwa. Mawu awo akalamba, akumveka ngati a bambo. Anati aona. Ndinafuna kunena chinthu chinacho, chinali pamlomo penipeni, koma chomwe chinatuluka n'chakuti, "Basi ya ku Almería inasintha nthawi." Chitsiru cha munthu.

Lachinayi, 6 Febuluwale

"Ndiona" si "ndibwera". Ndikudziwa. Komabe ndatsegula chipinda cha amayi, ndayanika matiresi padzuwa, ndagula soseji yamagazi yomwe achimwene amaikonda ndi lita ya vinyo. Wa pasitolo wafunsa ngati ndapeza banja.

Masana kunachita mitambo. Kwathu kuno mtambo ukangooneka timakazinga migas, ufa ndi mafuta ndi adyo m'chiwaya chachikulu, aliyense ndi supuni yake kudyera momwemo. Ndinakazinga. Mvula sinagwe, ndipo chiwaya chija n'chachikulu kwa munthu mmodzi.

Tsiku lonse ndimangokumbukira a I. ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Nthawi imeneyo mudzi wonse unkasewera m'mafilimu a anthu okwera pamahatchi aja. Bambo anafa m'mafilimu kasanu ndi kawiri. Woima chabe ankalandira pang'ono, wokwera hatchi zochulukirapo, koma wogwa pahatchi ndiye ankadya bwino. A I. ankagwa dala kamba ka malipiro ake. Tsiku lina m'khwawa mwathu momwemu hatchi inawagonera mwendo. Anatenga malipiro a tsikulo n'kundigulira nsapato zoyera za mgonero woyamba, mwendo ukali wotupa. Chiyambire pamenepo phazi lamanzere limaloza panja ndipo amalikoka. Ndili mwana ndinkawapeza kulikonse pongotsata mzere wake pamchenga. Kawirikawiri unkathera pachitsime cha madzi a mvula, kumene ankabisala posuta.

Ndawasowa. Ndalemba, palibe wandiona.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Ndinali nditavala kale kuti ndikadikire basi ya 11. Foni. Itziar, chimwemwe chokhachokha.

"Mayi Virtudes, zatheka! Ndinaona kuti nthawi yatha, ndiye ndinawaimbira ndekha dzulo. Kani samadziwa kuti atha kusainira konko! Pepala lafika m'mawa uno, Fulgencio wadinda kale."

Ndinati zikomo. Ndinatinso wagwira ntchito. N'zoona, wagwira, ntchito yake ndi imeneyo. Akuti anangomufunsa chinthu chimodzi, ngati chitsime chija chikadalipo.

Ndiye tsopano akudziwa kuti ndinanama. Fulgencio wandipatsa pepala langa osandiyang'ana kumaso. Saini yawo ndi yomwe ija, I wamkulu wopendekera kumbuyo. Ndaiyang'ana nthawi yaitali, ndi inki chabe, ndiponso si inki, ndi chithunzi cha inki.

Kubasi ndinapitabe. Anatsika ndi anamwino awiri ndi Mjeremani wa njinga.

Loweruka, 8 Febuluwale

Soseji ija ndapatsa galu wa aneba.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Afika dzana, malole asanu ndi anayi. Khwawa lonse alizinga ndi chingwe chofiira. Anayamba ajambula mwala uliwonse kuti potsiriza adzaubwezere pamalo pake, kuopa kutaya chikole chija. Chitsime achivindikira ndi miyala yabodza yopepuka ngati buledi, poti m'filimu yawo dziko silinaonepo munthu.

Lero tsiku lonse amuna asanu ndi mmodzi akusesa mchenga, akuyenda chafutambuyo kufufuta mapazi awo omwe. Wina akuwaza fumbi ndi sefa. Mawa dzuwa likangotuluka ajambula, ndipo akuti kuwala komwe akufunako kumakhala mphindi makumi awiri basi. Itziar wandichonderera katatu: "Chonde mayi, ngakhale mphaka asadutsepo. Phazi limodzi, tsiku lonse lawonongeka."

Ndinaima pachingwe madzulo. Malo amene ndinabadwira, mmene bambo anafera kasanu ndi kawiri, mmene amayi ankadula udzu wolukira madengu, ali see, ngati sitinakhaleko. Awakonza bwino kwambiri moti ndinalira.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Ndinadzutsidwa ndi phokoso. Mkulu wa filimu akutukwana m'zinenero ziwiri, Itziar wagwira kumutu. "Ndani ameneyu? Mlonda anali kuti?" Mlonda akuti anangopita kukamwa khofi.

Ndinasuzumira pachingwe. Kuchokera kumsewu, kudula pakati penipeni pa mchenga wosesedwa uja, mapazi. Lamanja lolunjika. Lamanzere loloza panja, ndi kamzere kokokeka kumbuyo kwake, mpaka kukazimirira kuseri kwa miyala yabodza.

Wa tsache anali atakweza kale chingwe. Ndinamugwira mkono. "Dikira kaye, mwanawe."

"Mayi, dzuwa likutuluka!" Itziar ameneyo.

Ndinalowa pansi pa chingwe, ndi patapata wanga ndi chovala chogonera. Anakuwa onse, anthu makumi anayi. Ndinayenda pambali pa mzerewo kuti ndisaupondeponde.

Achimwene anali atakhala pansi atatsamira chitsime, chipewa pabondo, mwala umodzi wabodza ali nawo m'manja akuuyeza kulemera. Aonda. Tsitsi latha.

"Achita chiyani ndi chitsime chathu?"
"Adzabwezera Lachisanu. Zili m'chilolezo."
"Ndinasaina kale ine," anatero. "Usaganize kuti ndabwerera pepala."
"Ndikudziwa."
"Unanena za phazi langa."
"Ndinanena."
"Laponda."
"Ndaona, achimwene. Dziko lonse laona."

Anatambasula dzanja kuti ndiwadzutse, ndipo tinabwerera pang'onopang'ono podutsa pomwe paja, chifukwa njira ina kulibe.

Ajambula mawa. Itziar akuti za tsiku lotayikali tikambirana, nkhope ili gwa. Tikambirana.

Panopa ndi masana, agona m'chipinda cha amayi chitseko chili chotsegula, ndikumva mkonono. Soseji kulibe, adya mazira. Nsapato zawo zili pakhomo, zadzaza mchenga. Ndinazinyamula kuti ndikazikunthe, kenako ndazibwezera pomwepo.