Nsomba Zimene Unasiya mu Ndowa

Chinamwali, Zomba
21 Ogasiti 2017

Wokondedwa mlongo wanga Hopewell,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako ku Karongako. Kodi malungo aja anakusiya? Nanga kutenthako ukukupirira bwanji, iwe wobadwira m'chisanu cha m'munsi mwa phiri? Kuno tadzuka. Alamu ako ali bwino, ana ali pa holide ndipo akundithera shuga. Ababa miyendo imawavutabe m'mawa, koma akuyenda.

Foni zanga suyankha, mauthenga umangowerenga n'kukhala duu. Ndiye ndati ndilembe pamanja, ndipatsire a Frank oyendetsa lole ya matabwa. Uwerenge mpaka kumapeto, ine ndi mkulu wako.

Nkhani yoyamba ndi yakuti a Meya ali moyo.

Ndikudziwa kuti unachoka ukuganiza kuti nsomba zonse za mu thanki yagalasi ija, imene unaika pabalaza uli ku koleji, zatha. Ziwiri zimene unazivuula n'kuziponya mu ndowa zinapulumuka. Imodzi ndi kamkazi kotuwa kaja. Inayo ndi a Meya, yamphongo ya buluu kumutu ndi chikasu m'nthiti, imene malemu amayi athu anaitcha dzinalo chifukwa choyenda mwaulemu ngati yavala mkanjo. Mpaka lero khalidwe ndi lomwe lija. Ndi yaikulu kuposa zonse, koma sithamangitsa inzake, ngakhale pa chakudya.

Tsiku la Khrisimasi lija sindinaliiwale. Amayi a Rose, amene ababa anawatenga amayi athu atatisiya, anali asanakuonepo. Inde, ndikuwatchula amayi, ukwiye ukwiye. Atamva kuti mwana wamwamuna wa pakhomo akubwera, anakolopa, anachapa makatani, anazira ndi khonde lakuseri lomwe. Kenako anaona ndere zobiriwira pagalasi ndi pamiyala ya nsomba zako. Kwawo ku Songani mtsuko ukamera ndere ndiye kuti mayi wa pakhomopo ndi waulesi, ndipo mlendo saonetsedwa zotero. Anaika nsomba mu beseni, nakwecha galasi ndi miyala yomwe ndi sopo waufa mpaka mbee, nathira madzi a pampopi, n'kubwezeramo nsombazo. Pamene unkatsika pa kabaza, zinali zitayamba kuyandama chagada.

Unawauza amayi a Rose pamaso pa ababa kuti abwera kudzatsuka amayi ako m'nyumba muno. M'mawa mwake unanyamuka osalawa ngakhale tiyi.

Ululu wako ndimaumva. Inenso ndimawaonabe amayi atakhala pampando pafupi ndi galasilo m'miyezi yawo yomaliza, chakudya chikuwakana, koma a Meya akadutsa ankamwetulira. Ndimawasowa tsiku ndi tsiku. Koma mawu ako aja anali oipa, mlongo wanga, ndipo amene unawalasa nawo anali munthu wofuna kukusangalatsa.

Ine ndinkayesa kuti amayi a Rose akataya ndowayo kudzala n'kuiwala. Ndikanakhala ine ndikanatero, mwinanso ndikanakazinga. Iwo anakwera minibasi kukafuna mnzako Ralph, uja woweta nsomba m'madamu ku Domasi, n'kumupempha kuti awaphunzitse. Ralph akuti anawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, nsomba sizifuna munthu wa changu pa ukhondo.

Ukanawaona lero ukanaseka. Madzi a pampopi amayamba awagoneka mu ndowa kuti fungo la mankhwala lichoke. Posintha amangochotsako pang'ono, ambiri n'kuwasiya. Asanapise dzanja amasamba ndi madzi okhaokha, ndipo tsiku limenelo sadzola mafuta. Ndere amazisiya kumbuyo kwa galasi, ngakhale ndimaona kuti mtima umawawawa akaziyang'ana. Ralph anawabweretsera timatemba ndi timilamba tating'ono kuti a Meya akhale ndi anthu owalamulira.

Mu Juni chisanu chinatsika m'phiri ngati chatumidwa. Anafunditsa thankiyo bulangete lawo, iwo n'kumagona ndi zitenje. Magetsi akazima, ndipo chaka chino akuzima ngati mpikisano, kapampu ka mpweya kamaima. Pamenepo amakhala pampando ndi kapu, kutunga madzi a momwemo n'kumawathira kuchokera m'mwamba kuti nsomba zipume, mpaka dzanja kuchita dzanzi.

Mwezi wathawu anandiimbira foni akulira. Anati kamkazi kaja kasiya kudya, kukhosi kwatupa, kakungobisala kuseri kwa mwala. Anati iwo aphanso nsomba yako, ndipo ulendo uno alibe choti anganene kwa iwe. Ndinathamangira kumeneko, ndinawapeza nawonso sanadye kuyambira dzulo lake. Titamuimbira Ralph, anaseka mpaka kutsokomola. Anati nsomba zimenezi ndi abale a chambo, mayi amafungatira mazira m'kamwa, ndipo sadya mpaka ana ataswa. Anatiuza kuti tikapatule mu beseni lakelake kuti timilamba tisadye anawo.

Patapita masabata kanalavula tiana tonga mitu ya singano. Amayi a Rose anagwada pansi n'kumayang'ana tianato. Kenako anandifunsa ngati ndingakutumizire chithunzi. Ndinatumiza. Sunayankhe.

Tsopano imva chimene ndalembera kalatayi.

Ababa ndi amayi a Rose anakonza zodalitsa ukwati wawo ku tchalitchi mu Okutobala. Ababa anauza abusa kuti sangaime kutsogolo mwana wawo wamwamuna palibe, ndiye tsiku linasunthidwa. Amayi a Rose atamva, anaitana ine ndi ababa n'kutiuza modekha kuti iwo safuna kukhala mkazi amene analekanitsa bambo ndi mwana wake. Anati ngati sufika mvula isanagwe, abwerera ku Songani kukalima munda wawo, kuti iwe uzibwera pakhomo pa bambo ako momasuka. Sanakalipe, sanakutchule moipa. Ndikuwadziwa tsopano, akanena chinthu amachita.

Ukudziwa mmene ababa analili tisanawapeze mayi amenewa. Malaya osachapa, mankhwala a kuthamanga kwa magazi kuiwala, tsiku lonse pakhonde kuyang'ana phiri. Ine ndili ndi banja langa ku Chinamwali, sindingathe kugona kuwiri. Ndikuopa, Hopewell. Akachoka mayi amenewa, ababa sakhalitsa.

Chimene chinandigwetsa misozi ndi ichi. Amayi a Rose ayamba kuphunzitsa ababa kasamalidwe ka nsomba, kuti akadzachoka zisadzafe. Loweruka ndinawapeza ali pa phunziro. Anawauza kuti atsine chakudya pang'ono ndi zala ziwiri, ababa anatapa dzanja lonse. Anawauza kuti abweretse ndowa ya madzi ogonera, ababa anapita kukatunga pampopi. Anawafunsa chochita magetsi akazima, ababa anayankha kuti amayatsa kandulo kuti nsomba ziziona njira. Amayi a Rose anagwira m'chiuno n'kunena kuti sanaonepo mwamuna wouma mutu chonchi, ndipo ayambiranso mawa.

Ine ndinadabwa. Awa ndi ababa omwe aja anagwira ntchito ya nkhalango pamwamba pa phiri moyo wawo wonse, oti mbewu ya mkungudza ankaidziwa tsiku lomera. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mutu wayamba kusokonekera, ndipo pondiperekeza ndinawafunsa ngati tipite kuchipatala.

Anaima pa mpanda, nayang'ana kunyumba ngati kuli wotimvera. Kenako anandinong'oneza kuti zonse akuzidziwa bwinobwino, anazimva tsiku loyamba lomwe. Anati mayi ameneyu sangasiye nsomba za Hopewell m'manja mwa chitsiru, ndiye iwo akhala chitsiru mpaka mwana wawo atabwera. Anandipempha kuti ndisaulule. Ananena akuseka, koma maso anali atadzaza misozi.

Ndinalira njira yonse mpaka ku Chinamwali, wakabaza mpaka anandifunsa ngati kwagwa zovuta.

Sindikukupempha kuti uiwale amayi athu. Palibe amene wawaiwala, chithunzi chawo chili pomwe chinali, ndipo amene amachipukuta fumbi ndi amayi a Rose. Sindikukuuzanso kuti uwatchule amayi ngati pakamwa pakukulemera. Ungobwera, ukhale pampando, ulandire madzi akakupatsa, uwafunse mmene adzukira. Zinazo zidzatsatira zokha. Ababa ndi munthu wodzilemekeza, ndipo kudzipusitsa tsiku ndi tsiku pamaso pa mkazi amene amamukonda kukuwapweteka. Mitambo yayamba kale kusonkhana pa phiri madzulo.

Undiperekere moni kwa alamu anga a Sheila, uwauze kuti chitenje chija ndikuvalabe. Moni kwa a malume a Uledi ngati umawaona ku boma. Alamu ako ndi ana akupereka moni wambiri. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pa ntchito, ndipo akufewetse mtima pamene ine ndalephera.

Ababa sakudziwa kuti ndalemba. Amayi a Rose ndinawauza, ndipo ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikuuze. Anati ndikufunse kuti tiana tija tidzabwezeredwe liti mu thanki yaikulu. Akuti Ralph anawauza kale, koma akufuna amve kwa mwini wake.

Ndine mlongo wako wokukonda,
Mwaiwathu