Madzi a m'Kambale ka Sefa

Lolemba, 3 Febuluwale

Injini yatizimira pakati pa madzi. Ine ndi mayi a kunyumba, tikupita kukaona alamu anga, akulu awo, amene ali gone tsidya lija. Inayamba yatsokomola ngati nkhalamba inzanga, kenaka zii. Pantuni yathu ndi thandala chabe pamwamba pa migolo iwiri yaitali. Mphepo ikaipeza imaikankha ngati tsamba. Tinayenda chammbali mpaka kumabango. Mayi gwa pa chitsulo cha m'mbali. Asodzi awiri ndiwo atikokera kumtunda. Mulungu awadalitse, sindinawafunse n'komwe kwawo.

Titatsika mayi anati, "Phazi langa silidzapondanso pa chithandala chanuchi." Zaka zonsezi sananenepo mawu otere.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Mkamwini wabwera, uja amakonza magalimoto. Anapopera petulo wa m'thanki m'botolo, n'kuliimika pa thabwa. Akuti tidikire. Posakhalitsa madzi pansi, petulo pamwamba, malire ake ngati odula ndi mpeni. Ndiwo matenda ake. Akuti pafunika sefa yolekanitsa madzi ndi petulo, ikhale pakati pa thanki ndi injini. Ine ndimati injini yatha. Kani yangomwa zosayenera. Mtima pansi.

Kwa alamu kwabwera foni. Sakudya. Akungofunsa mng'ono wawo. Njira ya pamtunda ndi yozungulira, tsiku lathunthu, mabampu okhaokha. Msana wa mayi sungalole. Njira ndi madzi basi. Iwo akudziwa, ine ndikudziwa.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Kusitolo ya zipangizo ndi mkamwini. Wogulitsa anafunsa mphamvu ya injini. Ndinati ndi yamphamvu ndithu. Anaseka mpaka kugwira kauntala. Mwayi mkamwini anali atajambula pafoni kachitsulo ka manambala ka pa injini.

Anatulutsa masefa awiri oyenera injini yathu. Ina yachitsulo yokhayokha, yotsikirako mtengo, koma kuti udziwe za m'kati uyenera kumasula. Ina ili ndi kambale koonekera kunsi kwake, ndi kampopi kokhetsera madzi. Ndinati za m'kati mwa anthu zandikanika moyo wonse, ndisawonjezerepo za m'kati mwa chitsulo. Tatenga yoonekera.

Mtengo sindilemba, ungandipweteke kawiri. Mkamwini anaponyapo ndalama yake ine ndikuyang'ana kumbali. Mwana wa eni ake, koma ayi ndithu.

Loweruka, 8 Febuluwale

Tsiku lonse pa pantuni. Mkamwini amafuna aimange kuseri kwa thanki, kobisika, kuti isamagundidwe. Ndinakana. Ndinati pa thabwa la kumbuyo, pafupi ndi mpando umene amakhala apongozi akewo. Anandiyang'ana, sanafunse. Ali ndi nzeru mwanayu.

Sefa iyenera kuima chilili, kunsi kwake kutsale malo olowa kachitini. Mabowo awiri, mabawuti osachita dzimbiri. Tinadula paipi ya petulo. Pamutu pa sefa pali timivi, kena kolowa, kena kotuluka. Iye atapita kukatenga zomangira, ine ndinalumikiza ndekha, monyadira, kani ndasemphanitsa. "Bambo, petulo akamabwerera kuthanki, tsidya lija tikafika chaka chanji?" Tinamasula.

Kalabala kotseka pakamwa pa kambale anakapaka oyilo ndi chala. Kumanga ndi dzanja basi, sipanala ayi. Kenaka kufinya kampira kopopera petulo mpaka kalimbe. Zala zanga zinagonja, anamaliza ndi iye. Polumikiza ponse tinapukuta ndi kansalu, n'kununkhiza. Pouma. Injini inalira kamodzin'kamodzi.

Ndinamuthokoza mpaka anachita manyazi.

Lolemba, 10 Febuluwale

Ndaona chinthu lero. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba kufuna chingwe. Mayi ali pampopi, akutsuka zigubu zanga za petulo. Sopo, madzi, kukhutchumula bwinobwino, kenaka kutseka zivundikiro msangamsanga kuti musalowe fumbi. "Zimanunkha, ndipo inu simusamala zinthu." Akuti anayamba mwezi watha.

Ndinaima njo. Kani madzi a m'petulo aja amachokera apa. Ndikanena, ndiye kuti ndi iwo amene anazimitsa injini pa ulendo wa kwa akulu awo. Mtima wawo ndimaudziwa, angazisenze zimenezo mpaka kumanda. Ndinati zikomo, zayera.

Atalowa m'nyumba ndinazitsegula, n'kuzizondotsa pa mpanda kuti zidonthe. Kuyambira lero zigubu zizigona kwa mkamwini. Ndamuuza chifukwa chake. Anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka analonjeza kuti ngakhale mkazi wake, mwana wangayo, sadzamva.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Ndayesa pantuni ndekha, kufika pakati ndi kubwerera. Bwinobwino. Timadzi totsalira m'thanki tagwera m'kambale, tikuoneka poyera, sitinafike ku injini. Kachinthu kakang'ono, ntchito yake yaikulu.

Ndinaitana mayi kuti adzangoona, kukwera ayi. Anaima pa doko, manja kumbuyo. Ndinatsegula kampopi, madzi m'kachitini, ndinawapatsira. Ananunkhiza. "Anthu ogulitsa petulowa saopa Mulungu." Ndinati eetu, dziko lapita.

Sanakwere. Madzulo foni yabweranso. Mayi nawonso sanadye.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Podzuka ndinawapeza atavala kale, mpango kumutu. "Inu muziyang'ana kutsogolo. Kambaleko mundisiyire." Anakwera okha, dzanja langa analikana. Pampando pawo, maso pa sefa njira yonse, madzi a m'mbali osawayang'ana n'komwe. Tili pakati anakuwa, "Imani, abambo! Dontho!" Ndinazimitsa, ndinakhetsa. Kosadzaza ndi supuni yomwe. Kuliza, inalira. Ndinawamva akutulutsa mpweya kumbuyo kwanga.

Alamu tawapeza. Atha, mafupa okhaokha, koma maso ali moyo. Anagwira dzanja la mng'ono wawo nati, "Wachedwa iwe. Umaopa madzi ngati mbuzi?" Mayi kuseka, misozi ili mbwembwembwe. Alamu alandira tiyi, masupuni angapo, kuchokera m'dzanja lawo. Eni nyumba akuti chiyambire sabata ino n'koyamba.

Ndikulemba ndili pakhonde. Mayi akuti sabwerera lero, mwina ndi mawa lomwe, mpaka zioneke mutu wake. Ine ndiwoloka ndekha dzuwa lisanapendeke. Za kambale andilangiza mobwerezabwereza, ngati anakagula ndi iwo.

Akundiitana m'katimo. Alamu akuti ndilowe, aone amene wawabweretsera mng'ono wawo.