Kamtanda Kanga pa Mapu a Boma

Lachiwiri, 4 Juni

Chikalata chafika. Chakhomedwa pa chitseko cha ofesi ya pa doko, mapu pambali pake. Boma lalola kampani ina kuti iboole chitsime chofufuzira gasi pansi pa nyanja. Malo ozungulira chitsimecho atsekedwa. Bwato osayandikira, ukonde osaponya. Zaka zisanu, mwina kuposa.

Ndine mlembi wa komiti ya asodzi, ndiye ndinawerenga mokweza, anthu ataunjikana kumbuyo kwanga. Kenaka maso pa mapu. Bwalo lofiira, lalikulu. Lakhala pa Nkhokwe penipeni.

Nkhokwe ndi dzina la m'nyumba mwathu mokha. Malo obisika a abambo, kumene akhala akupha nsomba zaka makumi anayi. Kumeneko n'kumene kunachokera malata athu, sukulu yanga, ngakhale bokosi la maliro a amayi. Zizindikiro zopezera malowo anauza achimwene okha. Ine ayi. "Mwana wamkazi amakakwatiwa nacho chinsinsi," amatero. Koma mbali yake ndimaidziwa, ndipo nkhope ya achimwene inanditsimikizira.

Anthu kuwomba m'manja, akuti boma lamva, lapewa malo onse amene tinalemba. Atcheya a komiti anawomba kuposa onse, koma milomo itauma gwa.

Lachitatu, 5 Juni

Ndilembe pano momwe zinakhalira, popeza pakamwa sindingathe.

Okutobala wathayu kunabwera alangizi a za usodzi, mayi wachichepere wa jombo zobiriwira. Anayala mapu patebulo. Akuti banja lililonse liike kamtanda pamene limapha nsomba, kuti kampani ipapewe. Abambo anali atatambasula kale chala. Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo.

Panja ndinawanong'oneza kuti mapu amenewo akapachikidwa pakhoma, aliyense aziwerenga. A Tsatabwato aziwerenga. Dzinali tinawapatsa ndife, chifukwa moyo wawo wonse akhala akuzemberera kumbuyo kwa bwato la abambo, kufuna kudziwa kumene amaponya. Abambo anazengereza. "Nanga boma timalinamiza, mwanawe?" Ine kuseka. Ndinati boma silidya nsomba zathu, lidziwiranji.

Cholembera chinali m'dzanja langa. Ndinaika kamtanda kathu kumiyala yakumpoto, kumene ngakhale mbalame sizitaya nthawi. Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva kuchenjera. Sukulu yonse ija n'kumene inandifikitsa.

Lero nsomba zapsa ndi dzuwa pathandala. Ndinaiwala kuzitembenuza.

Loweruka, 8 Juni

Achimwene sakundilankhula. Apongozi awo akudziwa kale kuti kwathu kwagwa kanthu, chifukwa alamu samatha kusunga madzi m'kamwa. M'mawa alamuwo anaika ndowa pakhomo panga mwamphamvu, amvekere, "Ophunzira atiphera ana."

Abambo akusoka ukonde umene sunang'ambike. Kuyambira Lachiwiri sanandidzudzule ngakhale kamodzi. Bola akanandikalipira.

Mutu ukuwawa. Mchere watsala pang'ono m'thumba.

Lolemba, 10 Juni

Ndapita kwa alangizi. Kaofesi kawo kotentha, fani yosazungulira, mafayilo mpaka pawindo. Ndinaulula zonse nditaimirira, ngati mwana wa sukulu wobera mayeso.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anatulutsa mapu ena, oyamba, amene sitinawaonepo. Chitsime chija poyamba chimayenera kukhala kumiyala yakumpoto. Kumeneko! Pamene ndinaika kamtanda kanga. Ndipo sikanali kokha, timitanda tina tinayi tinali pafupi pomwepo.

"Ndinakangana nawo miyezi iwiri kuti achisunthe," anatero, osakweza mawu. "Ndinkati mukufuna kupha anthu anga ndi njala. Anachisunthira pamene panalibe kamtanda ngakhale kamodzi."

Ndinakhala pa mulu wa mafayilo. Tikanangokhala chete osalemba kalikonse, chitsime chikanapita kumiyala. Tinachikoka ndi manja athu, n'kuchiika pa mbale yathu yomwe.

Mpata ulipo, wochepa. Madandaulo akulandiridwa mpaka pa 4 Julayi. Koma pepala lokha silikwanira. Mwini malo awatengere alangizi pa bwato, akaponye ukonde iwo akuona, kamakina kawo kosonyeza malo kalembe pamene ali. Mabanja akachuluka, mwayi uchuluka.

Potuluka anandiuza kuti sanakwiye. Ndinaona ndekha kuti anakwiya.

Lachinayi, 13 Juni

Ndawauza abambo. Anamvetsera akupala nkhafi yawo ndi kagalasi kosweka. Funso limodzi basi: "Kamakinako kakalemba, amawerenga ndani?" Ndinati aliyense. Anapitiriza kupala.

Ndinapsa mtima, Mulungu andikhululukire. Ndinati mukusunga chinsinsi cha malo amene mawa simudzapondako. Ndinati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iwo anangondiyang'ana. "Si iwe unandiphunzitsa kubisa pa pepala?"

Zoona. Ndine.

Lamulungu, 16 Juni

Msonkhano pansi pa shedi ya pa doko. Anthu ambiri, ntchentche zambiri. Ndinaimirira. Ndinati kamtanda ka banja lathu n'kabodza, ndinalemba ndine, ndipo sindikukhulupirira kuti ndine ndekha. Amene anachita ngati ine aimirire, tikakonze limodzi.

Zii. Wina kutsokomola. Wina kuyang'ana zala zakuphazi ngati waziona lero.

Atcheya anaseka kaseko kouma. "Ife athu timitanda n'toona, mayi mlembi. Musatipake matope anu." Munthu amene aliyense amadziwa kuti kumiyala sanaponyeko ukonde chibadwire! Amuna akuluakulu, ndevu zotuwa, kulolera kutaya malo kusiyana n'kuti mnzawo awadziwe. Ndiwaseke bwanji, poti ndine mphunzitsi wawo wamkulu?

A Tsatabwato anasuntha pa benchi ngati akufuna kudzuka. Anangokonza chipewa.

Ndinabwerera ndekha. Pamsewu ana a eni kundiitana "Anamabodza". Dzina lakhazikika kale.

Lachisanu, 21 Juni

Masiku asanu osalemba. Ndinalibe choti ndinene.

Poti alonda sanayambe kuletsa, abambo apita ku Nkhokwe tsiku lililonse sabata ino, ngati munthu wozonda wodwala. Nsomba zambiri kuposa kale lonse, mathandala onse adzaza. Ndikuzing'amba misozi ili m'maso, alamu akuganiza kuti ndi utsi.

Sitima ya kampani yaoneka patali, yoyera, yosayenda.

Lachitatu, 26 Juni

Abambo avomera! M'mawa uno, ndikuwapatsa madzi osamba kumaso, amvekere, "Uwauze mayi aja abwere Loweruka. Avale zoti zinyowe."

Ndinathamanga mpaka ku ofesi, patapata mmodzi kuduka panjira. Alangizi anamwetulira koyamba. Akuti umboni wa munthu wa zaka makumi anayi pamadzi si wamasewera, akuluakulu akhoza kuunikanso.

Achimwene andipatsa moni lero. Wouma, komabe moni.

Loweruka, 29 Juni



Ananyamuka dzuwa litangotuluka, abambo, achimwene ndi alangizi. Nyanja bata. Ine pa doko kudikira. Patangopita kanthawi ndinaona bwato lachiwiri likutsetsereka m'madzi. A Tsatabwato. Kumbuyo kwawo, monga mwa masiku onse.

Anabwerera masana. Ukonde wopanda kanthu, tinsomba tosadzaza ndi chipewa chomwe. Alangizi anatsika osayang'ana munthu. Anandionetsa kamakina kaja. Manambala omwewo a kamtanda kanga. Kumiyala.

Achimwene ndi amene anandifotokozera, akulira ngati kamwana. Akuti anali atatsala pang'ono kufika. Abambo anacheuka, n'kuona bwato lija. Dzanja linakhota lokha. Achimwene kuwachonderera, alangizi kuwachonderera, iwo nsagwada zili gwa, maso kumpoto. Zaka makumi anayi akusocheretsa munthu ameneyo, thupi linakana kusiya.

Alangizi akuti alemba zimene kamakina kalemba. Sangachitire mwina. "Tsopano pepala likuti munanena zoona poyamba paja," anatero.

Abambo analowa m'nyumba n'kugona chafufumimba, osavula malaya onyowa.

Lachiwiri, 2 Julayi

Ndawapemphanso alangizi ulendo wina. Akuti ayesa, koma abwana awo afunsa kale kuti banja limeneli linanama liti, chaka chatha kapena chaka chino. Mafuta a ulendo wachiwiri awakaniza.

Abambo sakudya. Akuti m'kamwa mukuwawa.

Lachinayi, 4 Julayi

Tsiku latha. Ofesi yatsekedwa nthawi yake, loko wamkulu pachitseko. Madzi akatayika saoleka.

Ndinachapa zovala zonse za m'nyumba, zoyera zomwe.

Lolemba, 8 Julayi

Ndikutembenuza nsomba pathandala, a Tsatabwato anabwera. Chipewa m'manja. Ndinafuna kuwathira madzi a matumbo a nsomba. Ndinati mwakhuta tsopano, mwatipha.

Anayankha motsitsa. "Mwana wanga, tsiku lija sindimakazonda ayi. Ndimabwera kudzachitira umboni. Ndimafuna mayi aja alembe mabanja awiri."

Ndinati umboni wa malo amene simukuwadziwa? Anayang'ana uku ndi uku, n'kunena zizindikiro zitatu, chimodzichimodzi, ngati pemphero. Akuti anazipeza zaka makumi awiri zapitazo. Amaponyako masiku amene abambo adwala kapena apita kumaliro. Kutsatira kuja ankangopitiriza kuti abambo asazindikire. "Munthu uja chinsinsi chimenechi ndiye msana wake. Ndikanamuthyola."

Nanga ku msonkhano bwanji simunaimirire? Akuti manyazi. Kuvomera pagulu kuti wakhala ukudya m'nkhokwe ya mnzako zaka zonsezi. Nawonso kamtanda kawo anakaika kumiyala, pafupi ndi kanga. Anaonera ine.

Ndiye ndinanamiza boma pobisira munthu amene ankadziwa kale. Ndinaseka mpaka kukhala pansi, kenaka sikunalinso kuseka. Iwo anangoima, chipewa chikuzungulira m'manja.

Anandipempha kuti ndisawauze abambo. Ndinalonjeza.

Lachisanu, 19 Julayi

Zigubu zachikasu zaikidwa pa nyanja, mzere wautali woyandama kuzinga malo otsekedwa aja. Boti la alonda likuzungulira. Achimwene ayesa malo atatu atsopano, kubwera ndi theka la ndowa. Akukamba zokafuna ntchito yonyamula katundu ku kampani komweko. Alamu ayamba kugulitsa makala.

Ndatula pansi udindo wa ulembi. Atcheya analandira buku la komiti osandiyang'ana kumaso. Nawonso bwato lawo lili pamtunda sabata yachiwiri, akuti likudontha. Silikudontha.

Alangizi asamutsidwa. Sindinapite kukatsanzikana nawo. Ndinachita manyazi, ndipo tsopano ndikudandaula.

Lamulungu, 21 Julayi

Abambo adzuka lero. Ameta ndevu, avala malaya abwino, akhala pakhonde kuyang'ana zigubu zija. Aonda. Anandiitana, akuti ndibwere ndi kabuku kanga aka.

"Zaka zisanu ine sindifika," anatero. "Mlongo wakoyu mutu wake uli ku kampani. Iwe umalemba. Lemba, adzukulu adzapeze. Koma ubise, a Tsatabwato asaone."

Chinthu chimene ndinachilakalaka kuyambira ndili kamtsikana. Akundipatsa lero, ndi manja awiri, ngati chuma. Ndinagwada monga woyenera kulandira.

Ndinalemba pa tsamba lomaliza, iwo akunena pang'onopang'ono, mawu otsitsa ngakhale panalibe wina pabwalo. Choyamba, denga la chigayo chakale lilowe kumbuyo kwa mtengo wautali wa pa sukulu. Chachiwiri, mpata wa pakati pa mapiri awiri utseguke mpaka muoneke mwala woyera. Anaima kuti apume. Chifuwa chikuwavuta masiku ano.

Ine dzanja silinaime. Linapitirira lokha, ngati lawo tsiku lija pamadzi. Chachitatu, nsonga ya chilumba ikhudze mchenga wofiira.

Nditadzutsa mutu, anali akuyang'ana pa tsambalo. Kuwerenga amatha pang'ono, koma kokwanira. Anayendetsa chala pa mzere wachitatuwo, kawiri.

"Ichi sindinanene," anatero. "Wakuuza ndani, mwanawe?"

Ndinati ndikatunge madzi akumwa kaye. Ndili kukhitchini tsopano, kabuku pa bondo. Achimwene ndi amene ndingawanamizire, koma kunama kwanga ndakuona kumene kumafikitsa. Abambo akundiitananso. Kachitatu tsopano.